Nyumba zosungiramo zakale zakumidzi: zimasunga chiyani, nanga za ndani?

Munthu akamva za nyumba yosungiramo zinthu zakale, nthawi zambiri amaganiza za chinyumba cha mumzinda waukulu, cha alonda pakhomo ndi zinthu zamtengo wapatali zotsekeredwa m'magalasi. Zotero zilipo, koma n'zochepa. Mu 2014 nthambi ya boma la America yoona za malaibulale ndi nyumba zosungiramo zakale, ya Institute of Museum and Library Services, inawerenga nyumba zoterezi m'dziko lonselo n'kupeza 35,144. Zoposa theka zinali za mbiri: mabungwe osunga mbiri ya dera, nyumba zakale zimene anthu amakaona, ndi malo amene panachitika zinthu zosaiwalika. Dzikolo linagawidwa m'maboma ang'onoang'ono oposa 3,000, aja amati ma county, ndipo ndi ochepa chabe amene alibe nyumba yotere ngakhale imodzi. Ku Britain, ku Ireland, ku Germany ndi kumayiko a Scandinavia nakonso zili mbwee, mpaka m'timatauni ta anthu ochepa.

Yakumudzi sivuta kuizindikira. Kawirikawiri ili m'nyumba imene inasiya ntchito yake yoyamba: ndende yakale, siteshoni imene sitima zinaleka kuimapo, sukulu ya chipinda chimodzi, nyumba ya dokotala amene anamwalira wopanda womusiyira. Imatsegulidwa masiku awiri kapena atatu pa sabata, ndipo makiyi amakhala ndi mphunzitsi wopuma pantchito amene salandirapo kalikonse. M'katimo muli mapulawo, makina osokera, ayironi zamakala, mayunifolomu a asilikali, mabelu a sukulu ndi zithunzi za anthu osamwetulira. Mukayendera zisanu mumayamba kuona ngati mwalowa m'nyumba imodzi kasanu.

Anthu ambiri amaziyeza molakwika pamenepa. Amayang'ana pulawo n'kufunsa ngati ndi yosowa kapena yodula, pamene pulawoyo payokha ilibe kanthu, chifukwa ofanana nayo anapangidwa masauzande. Chimene chimaisiyanitsa ndi chitsulo chakutha cha kuseri kwa khola ndi chidziwitso chimene yabwera nacho: inali ya ndani, inalima munda uti, inagulidwa chaka chiti, anaisiyiranji. Nyumba yakumudzi imene yasunga zimenezi ili ndi chuma chimene ya mumzinda singakhale nacho. Imene yataya chidziwitsochi yangotsala mosungiramo katundu. Ndipo popeza chidziwitsocho chimabwera ndi anthu obweretsa zinthuzo, amene amabweretsa ndi amene sabweretsa ndiwo amakonza mbiri ya dera lonse, iwo eni osadziwa.

Zinabadwa pamene anthu ankataya

Nyumba zimenezi zinayamba nthawi imene moyo wakumudzi unkasintha mofulumira moti ena anachita mantha kuti zonse zifafanizika. Ku Sweden, Artur Hazelius, mphunzitsi wodziwa za zinenero, ankayenda m'midzi m'zaka za m'ma 1870 n'kuona zovala, ziwiya ndi zipangizo za makolo zikutayidwa chifukwa cha katundu wa m'mafakitale. Anayamba kutolera. Kenako anaona kuti chiwiya chochotsedwa m'nyumba yake sichinena zambiri, ndipo anayamba kugula nyumba zathunthu, kuziphwasula, kuzinyamula n'kukazimanganso ku Stockholm. Malowo, otchedwa Skansen, anatsegulidwa mu 1891, ndipo ndiwo anakhala chitsanzo cha malo ambiri otere ku Ulaya. Ku Scotland, Isabel Grant anatengera nzeru yomweyo n'kuyamba kuonetsa zipangizo za alimi a kumapiri m'tchalitchi chosagwiritsidwa ntchito pachilumba cha Iona mu 1935, ndipo zimenezo ndizo zinadzakhala Highland Folk Museum. Yunivesite ya Reading ku England inakhazikitsa Museum of English Rural Life mu 1951, pamene mathirakitala ankalowa m'malo mwa akavalo, ngolo zikungowolera m'makola. Frank Atkinson, amene anayambitsa malo osungiramo zakale a Beamish ku County Durham, ku England komweko, mu 1970, sankasankha: chilichonse chimene munthu wapereka, ankalandira. Katundu anachuluka mpaka kudzaza nyumba za msasa wakale wa asilikali.

Pa nthawi yake nzeru imeneyi inali yomveka, chifukwa migodi inkatsekedwa, ulimi unkasintha, ndipo wochedwa ankapeza zonse zitapita kudzala. Koma nyumba zing'onozing'ono zambiri zinachita zofananazo zilibe malo, ndalama kapena antchito. Kufanana kwa katundu wawo kumachokera pomwepa: onse ankatolera zimene zinkatayidwa m'zaka zomwezo.

Ku America zinayenda njira ina pang'ono. Mu 1876, dzikolo likukwanitsa zaka 100, Pulezidenti Ulysses S. Grant anapempha anthu a m'maboma ndi m'matauni kuti alembe mbiri ya madera awo. Makampani osindikiza mabuku anaonapo malonda. Ankatumiza anthu kuyenda famu ndi famu kulembetsa ofuna kugula buku la mbiri ya boma lawo, ndipo amene walipira ankalembedwamo mbiri ya moyo wake. Wowonjezera ndalama ankaikidwamo ndi chithunzi chomwe. Mabuku amenewo adakali pa mashelefu mpaka lero, ndipo ofufuza mibadwo ya makolo awo amawadalira kwambiri. Koma taganizirani amene akusowamo: waganyu wa pafamu, wolima munda wobwereka, mkazi wamasiye wosauka, munthu wakuda amene anali atangomasulidwa ku ukapolo, ndi eni nthaka amene anathamangitsidwa pamalopo. Ena anasalidwa dala, koma ambiri analibe ndalama yolembetsera basi.

Ndi katundu zimachitikanso chimodzimodzi. Banja limene lakhala m'nyumba imodzi zaka 100, lili ndi chipinda choikamo zimene silikugwiritsa ntchito, ndilo limakhala ndi chopereka. Banja losamukasamuka limagwiritsa ntchito chinthu mpaka chithe. N'chifukwa chake m'nyumbazi madiresi aukwati ndi ambiri kuposa zovala za kumunda, chonsecho diresi linavalidwa tsiku limodzi pamene chovala cha kumunda chinkavalidwa tsiku ndi tsiku.

Kaundula

Ntchito yeniyeni ya nyumba yotere mlendo saiona. Imachitikira patebulo, tsiku limene chinthu chafika.

Tiyerekeze kuti agogo ena amwalira, ndipo mdzukulu wawo pokonza m'nyumba wapeza makina osokera, diresi laukwati ndi bokosi la zithunzi. Wazikweza m'galimoto, wafika nazo pakhomo, akufuna kuzitula n'kumapita. Wosunga zakale wodziwa ntchito samulola kuchoka msanga. Amamupatsa mpando, iye n'kutenga pepala. Makinawa anagula ndani, kuti? Agogowo ankasokera a pabanja pokha kapena ankalandirapo ndalama? Diresili anasoka okha pa makina omwewa? Ngati yankho lili inde, zinthu ziwirizo zasanduka nkhani imodzi ndipo siziyenera kulekanitsidwa. Kenako amatsegula bokosi la zithunzi n'kumatulutsa chimodzichimodzi: uyu ndani, apa ndi pati, mwana ali pamiyendoyu ndi uti. Mdzukuluyo mwina adziwa theka. Theka linalo akulidziwa ndi azakhali ake okalamba amene ali kutali, ndipo ngati palibe wowaimbira foni mwezi womwewo, mayinawo adzapita nawo kumanda. Makabati a nyumba zambiri zotere adzaza ndi zithunzi zopanda mayina, nkhope zooneka bwinobwino za anthu amene palibenso wamoyo angawatchule.

Zikatha izi, mdzukuluyo amasaina chikalata chosonyeza kuti wapereka zinthuzo kotheratu ndiponso kuti anali ndi ufulu wozipereka. Komiti ikavomereza, zimalembedwa mu kaundula n'kupatsidwa nambala. Nambala yofala imakhala ndi zigawo zitatu, monga 1987.14.3, kutanthauza chaka chimene zinalandiridwa, mphatso ya nambala 14 m'chakacho, ndi chinthu chachitatu pa mphatsoyo. Nambalayo imaikidwa pa chinthucho m'njira yoti ingadzachotsedwe osasiya chilema. Kuseri kwa chithunzi amalemba ndi pensulo yofewa, osati bolopeni. Pa chovala amasokererapo kansalu kolembedwa nambala. Pa chitsulo kapena pa mbale amayamba apaka kavanishi koonekera, kakauma n'kulembapo, n'kupakanso pamwamba. Selotepi saifuna n'komwe, chifukwa guluu wake amalowa m'pepala n'kusiya banga lofiirira losachoka.

Nambala ikafufutika kapena kaundula akatayika, makina aja abwerera kukhala makina wamba. Komatu m'nyumba zambiri vuto silakuti kaundula anatayika ayi. Sanalembedwe n'komwe, chifukwa amene anayambitsa nyumbayo ankadziwa chinthu chilichonse pamtima ndipo sankaona chifukwa cholembera. Munthu wotero amakoma kuyenda naye m'nyumbamo, nkhani zimangotuluka zokha. Akamwalira, olowa m'malo mwake amatsala ndi zipinda zodzaza katundu wosadziwika kumene anachokera.

Palinso msampha wa zobwereka. Kale anthu ankakonda kusiya chinthu n'kunena kuti angobwereketsa, osatchula tsiku lodzatenga. Papita zaka 50, wobwereketsayo anamwalira, ana ake anabalalika. Nyumbayo ikusunga chinthu chimene si chake: singachigulitse, singachipereke kwina, ngakhale kuchikonza kumafuna chilolezo cha mwini amene sakupezeka. Zigawo zambiri za America zinachita kukhazikitsa malamulo apadera olola nyumba yotere kulengeza poyera, kudikira nthawi yoikika, kenako kutenga umwini.

Zowononga zosamveka phokoso

Wakuba amaopedwa, koma katundu wambiri amawonongeka palibe wathyola chitseko. Chinyezi cha m'mpweya chikapitirira pafupifupi 65 peresenti, nkhungu imayamba kumera pa mapepala, pa zikopa ndi pa nsalu, zitsulo n'kumachita dzimbiri. Kukauma kwambiri matabwa amang'aluka. Akatswiri amalangiza kuti chinyezi chikhale pakati pa 40 ndi 60 peresenti, koma choopsa kwenikweni ndi kukwera ndi kutsika kwadzidzidzi, chifukwa thabwa limafufuma n'kunyala, utoto wa pamwamba pake n'kusweka. Kuwala nako kumadya mitundu, ndipo nsalu ikasuluka yasuluka. N'chifukwa chake nsalu ndi zojambula za papepala zimaonetsedwa m'kuwala kochepa, kwa ma lux 50 (lux ndi muyeso wa kuwala), kumene mlendo amadandaula kuti mwada. Njenjete zimadya zovala zaubweya, tizilombo toboola matabwa timasiya kaufa pansi pa mpando, makoswe amamanga zisa m'mabuku. Tsoka lake, nyumba yakale yopatsidwa mwaulere imakhala ndi malo awiri osungiramo katundu, ndipo onse ndi oipa: chipinda chapansi pa nthaka, kumene madzi amayambira kulowa, ndi m'mwamba pansi pa denga, mmene mumatentha ndiponso mumayambira kudontha.

Zinthu zina zimadziwononga zokha, zina n'zoopsa kwa wozigwira. Nyuzipepala zosindikizidwa kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 zili pa pepala lopangidwa ndi mitengo, limene lili ndi asidi, ndipo zimasanduka zofiirira n'kumathethekera m'manja. Mafilimu ndi manegativu ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 1950 ndi a pulasitiki ya nitrate, amene akagwira moto sazimitsika ngakhale ndi madzi. Amene anabwera pambuyo pake, a acetate, akayamba kuwonongeka amanunkha ngati viniga. Mbalame ndi nyama zouma zokhala ngati zamoyo, zimene ana amakonda kusisita, zambiri zakale anazikonza ndi poizoni wa arsenic. Ndiye palinso mabotolo a mankhwala a dokotala uja ndi zipolopolo zimene asilikali anabwera nazo kuchokera kunkhondo. Wodzipereka amene anabwera chifukwa chokonda mbiri ya kwawo amapezeka akuyenera kudziwa zonsezi.

Kafukufuku wa Heritage Health Index, amene anatuluka mu 2005, anapeza kuti 80 peresenti ya mabungwe osunga zinthu zotere ku America analibe dongosolo la zochita pa ngozi limodzi ndi antchito ophunzitsidwa kulitsatira. Chakudza sichiimba ng'oma. Mu July 2022 madzi osefukira kum'mawa kwa Kentucky analowa m'nyumba ya Appalshop ku Whitesburg, m'boma la Letcher, kumene kuyambira 1969 ankajambula ndi kusunga mafilimu, mawu ndi zithunzi za moyo wa anthu a m'mapiri a Appalachia. Matepi ndi mafilimu anatuluka m'matope, ena n'kuikidwa m'magalimoto oziziritsa kuti nkhungu isawagwire podikira akatswiri. Pa ngozi yotere chimene chimapulumuka mosavuta ndi chimene chinakoperedwa n'kusungidwanso kwina, ndipo choyamba kukopera chiyenera kukhala kaundula.

Ndalama, ndi kulimba mtima kokana

Za ndalama sizifuna kufotokoza kwambiri. Zimachokera ku zopereka za mamembala, ndalama yochepa ya pakhomo, kangachepe kochokera ku khonsolo, ndi zochitika zopezera thandizo. Mabungwe othandiza amakonda kulipirira ntchito yatsopano yooneka, monga chionetsero, pamene nyumbayo ikufuna denga, magetsi ndi inshuwalansi. Odzipereka ambiri ndi achikulire, ndipo achinyamata a m'deralo anapita kutauni.

Chimene anthu saona n'chakuti mphatso iliyonse ili ndi mtengo wake. Piyano yolandiridwa lero idzafuna malo, kupukuta ndi kuyang'aniridwa mpaka kalekale. Nyumba yanzeru imalemba malire ake, kuti imalandira za dera liti ndiponso zamtundu wanji, kenako imaphunzira kukana makina osokera achisanu ndi chimodzi ngakhale wobweretsayo ali mnansi wa wapampando. M'dera limene aliyense amadziwana, kukana kotere n'kovuta kuposa kukonza denga. Ine ndimaona kuti nyumba imene sinakanepo mphatso sinayambe kuganiza za ntchito yake.

Kuchotsa chinthu cholembedwa kale mu kaundula n'kololedwa, koma kuli ndi mwambo wake. Komiti imagamula, chifukwa chake chimalembedwa, ndipo kawirikawiri amayamba afunsa nyumba zina ngati zingachifune. Ngati chagulitsidwa, malamulo a ntchitoyi amati ndalamayo ipite ku katundu wosungidwayo, osati kulipira ngongole. Khonsolo ya Northampton ku England inagulitsa chiboliboli chakale cha ku Egypt cha Sekhemka mu 2014 pa mapaundi pafupifupi 16 miliyoni, ndipo Arts Council England, bungwe lovomereza nyumba zotere kumeneko, inalanda nyumba zake zosungiramo zakale chiphaso chovomerezeka. Chifukwa chake n'chomveka: anthu akaona kuti mphatso ya agogo awo ingasanduke ndalama ya khonsolo, sadzaperekanso.

Zimene sizingalowe m'nyumba

Mbiri yambiri ya dera lakumudzi singanyamulidwe. Ili m'chigayo cha m'mbali mwa mtsinje, m'mlatho, m'manda a pafamu, m'tchalitchi, m'bwalo la milandu, m'munda mmene munamenyedwa nkhondo koma lero mukumera mbewu. Malo otere amatetezedwa ndi lamulo, osati makabati, ndipo malamulowo amasiyana kwambiri dziko ndi dziko.

Ku America, lamulo la National Historic Preservation Act la 1966 linakhazikitsa kaundula wa dziko wa malo a mbiri, National Register of Historic Places, mmene tsopano muli malo oposa 95,000. Kuti malo alowemo, kawirikawiri amayenera kukhala a zaka 50 kapena kuposa, asanasinthidwe moti sangazindikirikenso, ndipo akhudze chimodzi mwa zinayi: chochitika chofunika, munthu wofunika, kamangidwe kapadera, kapena zokwiririka zimene zingaphunzitse zakale. Anthu ambiri amaganiza kuti malo akalowa mu kaundulayu ndiye kuti apulumuka. Si choncho. Mwini wake, ngati akugwiritsa ntchito ndalama zake, angathe kugwetsa nyumbayo mawa lomwe, pokhapokha lamulo la m'deralo litamuletsa. Chimene kaundulayu amachita n'chakuti ntchito ya boma lalikulu, kapena yofuna ndalama ndi chilolezo chake, monga msewu kapena damu, iyambe yaunika mmene ikhudzire malowo. Amatsegulanso mwayi wochotseredwa pa msonkho 20 peresenti ya ndalama zokonzera nyumba yakale imene imabweretsa phindu. Amanyengerera, sakakamiza.

Ku England lamulo lili ndi mano. Kuteteza malo akale kunayamba ndi lamulo la 1882, ndipo kulemba nyumba m'ndandanda kunabwera ndi malamulo a 1944 ndi 1947. Nyumba zolembedwa zimagawidwa m'magulu atatu, Grade I, Grade II* ndi Grade II, ndipo zoposa 90 peresenti zili m'gulu lomalizali. Kugwetsa kapena kusintha nyumba yolembedwa popanda chilolezo ndi mlandu. Njira iyi imapulumutsa nyumba zambiri, koma imaika katundu pa mwini, amene angakhale mlimi wokhala ndi nkhokwe yakale imene sakuigwiritsa ntchito ndipo alibe ndalama zoikonzera. Mdani wamkulu wa nyumba yakale kumudzi si wogwetsa kwenikweni, koma kusowa ntchito. Nyumba yopanda wolowamo imayamba ndi lata limodzi losasuka, ndipo palibe womva kudontha.

Sukulu za Rosenwald zikuonetsa zimenezi. Julius Rosenwald, mkulu wa kampani ya Sears, mogwirizana ndi Booker T. Washington, mphunzitsi ndi mtsogoleri wa anthu akuda, anathandiza kumanga sukulu pafupifupi 5,000 za ana akuda m'midzi ya zigawo 15 za kum'mwera kwa America pofika 1932, makolo a anawo akusonkha ndalama, malo ndi mphamvu zawo. Tsankho la m'sukulu litathetsedwa ndi khoti mu 1954, zambiri zinatsekedwa n'kusiyidwa. Pamene bungwe loteteza malo akale la National Trust for Historic Preservation linkaziika pa mndandanda wa malo amene ali pangozi mu 2002, zotsala zinali kagawo kochepa chabe. Zimene zapulumuka, zambiri n'chifukwa chakuti amene anaphunziramo anaziyambitsira ntchito ina, monga holo ya msonkhano kapena nyumba yosungiramo zakale.

Mbiri ya ndani

Pali zinthu zimene nyumba zakumidzi zinasunga koma sizinayenera kukhala nazo. Mu 1927, Don Dickson anayamba kufukula zitunda za manda a eni nthaka akale pafamu ya banja lake m'boma la Fulton ku Illinois. Sanachotse mafupa. Anangochotsa dothi n'kumanga denga pamwamba, ndipo anthu ankabwera kudzaona mafupa a anthu oposa 200 ali m'malo mmene anaikidwa. Malowo anadzakhala a boma la Illinois, ndipo kwa zaka zambiri ana a sukulu ankapita nawo kumeneko. Anthu a mitundu ya eni nthaka anafunsa funso losavuta: akanakhala agogo anu, mukanalola? Ambiri a m'deralo anakana kuti atsekedwe, poti malowo ndiwo ankadziwikitsa dera lawo ndi kubweretsa alendo. Mandawo anatsekedwa mu 1992. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, mu 1990, dzikolo linali litakhazikitsa lamulo la NAGPRA, lolamula mabungwe olandira ndalama za boma kulemba mafupa a anthu ndi zinthu zopatulika zimene akusunga n'kuzibweza kwa eni ake. Kuyambira January 2024 lamuloli likufunanso chilolezo cha mitunduyo zinthu zotere zisanaonetsedwe. Nyumba yaing'ono imene inalandira bokosi la zofukulidwa m'munda zaka 60 zapitazo, popanda cholembedwa chilichonse, imavutika kudziwa ngakhale mtundu woti ikaufunse. Kusalemba kuja kumadzapweteka pamenepa.

Ndipo pali zimene dera linasankha kusakumbukira. Mu August 1955, Emmett Till, mnyamata wakuda wa zaka 14 wochokera ku Chicago, anabedwa n'kuphedwa ku Mississippi atamunena kuti anachita chipongwe kwa mkazi wachizungu m'sitolo ya Bryant ku Money. Mtembo wake unapezeka mu mtsinje wa Tallahatchie. Amuna awiri, Roy Bryant ndi J. W. Milam, anazengedwa mlandu ku khoti la ku Sumner, m'boma la Tallahatchie, ndipo gulu loweruza la azungu okhaokha linawamasula. Patangopita miyezi yochepa anavomera kwa mtolankhani wa magazini kuti anamuphadi. Kwa zaka pafupifupi 50 m'bomalo munalibe chikwangwani chotchula nkhaniyi. Mu 2007 komiti ya anthu akuda ndi azungu a m'deralo inapepesa poyera ku banja la Till, kenako inaika zikwangwani m'malo okhudzidwa. Cha m'mbali mwa mtsinje, pa Graball Landing, chinabedwa. Chachiwiri chinabooledwa ndi zipolopolo zambirimbiri, chachitatunso chimodzimodzi patangopita masabata ochepa. Chachinayi, chimene chinaikidwa mu October 2019, n'chachitsulo chosalowa chipolopolo, cholemera makilogalamu oposa 200.

Amene amaganiza kuti mbiri ya m'dera ndi zosangalatsa za okalamba aganizire chikwangwani chimenechi. Nyumba yaikulu ya mumzinda ingafotokoze nkhani yowawa ili patali. Yakumudzi imaifotokoza pamaso pa zidzukulu za mbali zonse ziwiri, zimene zimakumana m'sitolo imodzi, ndipo zina zili m'komiti momwemo. N'chifukwa chake nyumba zambiri zimathawira ku mapulawo ndi madiresi, zinthu zimene sizikhumudwitsa munthu. Zimene zalimba mtima zimayamba ndi kutuluka panja: kupita kwa anthu amene sanabweretsepo kanthu, kujambula mawu awo, kubwereka zithunzi zawo kuti zikoperedwe n'kubwezedwa, kuwerenga zikalata zogawira chuma chamasiye ndi zikalata za malo za ku khoti, mmene mayina a akapolo ndi aganyu amapezeka atalembedwa pakati pa katundu ndi ngongole za mabwana awo. Ku France, m'zaka za m'ma 1970, Georges Henri Rivière ndi Hugues de Varine anakankhira maganizo amenewa patali, ponena kuti chosungidwa chikhale dera lonse ndipo osunga akhale anthu okhalamo, zinthu zikhale m'nyumba za eni ake koma zolembedwa ndi zodziwika. Anayesa zimenezi ku Le Creusot, dera la mafakitale a zitsulo ndi migodi.

Ku Tallahatchie, khoti la ku Sumner linakonzedwa kuti lioneke mmene linalili mu 1955, ndipo tsidya la msewu kuli Emmett Till Interpretive Center. Mu July 2023 Pulezidenti Joe Biden analengeza malo atatu kukhala chikumbutso cha dziko: khotilo, Graball Landing, ndi tchalitchi cha Roberts Temple ku Chicago kumene kunachitikira maliro. Sitolo ya ku Money, m'boma loyandikana la Leflore, mulibemo. Ili m'manja mwa eni ake, denga linagwa kalekale, ndipo palibe lamulo lowakakamiza kuikonza kapena kuigulitsa. Malo omwetsera mafuta oyandikana nayo, amene sanakhudzidwe ndi mlanduwo, ndi amene anakonzedwa, ndi ndalama za boma la Mississippi zosungira malo a mbiri ya ufulu wa anthu akuda.